Mwana wa autism akamasowa tulo: njira zomuphunzitsira kugona

Pamisonkhano ya chitukuko m'mawodi a boma lino, nkhani zimene zimadya nthawi ndi za mijigo yowonongeka, milatho yokokoloka ndi midadada ya sukulu imene inaima pa windo. Nkhani ya tulo siimveka. Komatu m'midzi yomweyi muli makomo amene anaiwala kukoma kwa usiku wathunthu. Mayi amadzuka maso ali psuu, kumunda amafika dzuwa litakwera kale, geni imalowa pansi, ndipo ana ena a pakhomopo amakasinza m'kalasi. Ena mwa makomo otere akulera mwana amene ali ndi vuto la autism.

Autism si matenda opatsirana, sachokera kwa munthu wanjiru, ndiponso si chilango cha mwambo umene makolo anaudumpha. Ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumayamba kuonekera m'zaka zoyambirira za moyo. Mwana wotere amavutika kumvana ndi kucheza ndi anthu ena. Wina amachedwa kulankhula kapena salankhula n'komwe, pamene wina amalankhula bwino koma sagwira tanthauzo la nthabwala kapena la nkhope ya mnzake. Ambiri amakonda kubwereza chinthu chimodzimodzi, monga kukupiza manja kapena kundandalika zitsekerero za mabotolo, ndipo amasautsika kwambiri zinthu zikasintha mosawachenjeza. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, ndiye anafotokoza za vutoli momveka m'chaka cha 1943 atapima ana 11. M'chaka cha 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkayerekeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nalo.

Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pakati pa ana 50 ndi 80 mwa ana 100 alionse a autism amavutika ndi tulo. Wina amakana kukagona, wina amatha ola lathunthu akungogubuduzika pamphasa, wina amadzuka pakati pa usiku n'kukhala maso maola awiri kapena atatu akuseka, akung'ung'udza kapena akuyendayenda, ndipo wina tsiku lake limayamba tambala woyamba asanalire.

Kuipa kwake si kutopa kokha. Mwana amene amatsegula chitseko usiku angathe kugwera pamoto, m'chitsime kapena mumtsinje. Akapezeka panja anthu onse ali m'tulo, manong'onong'o amayamba akuti akuphunzitsidwa ufiti, ndipo chala sichichedwa kuloza agogo ake. Ndi bwino anthu akumbukire kuti malamulo a dziko lino, kuyambira m'chaka cha 1911, amati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nalonso kholo limene latha miyezi lisakugona limafika poti mtima sulinso nawo: limamenya, limamanga mwana ndi chitenje kumwendo kwa bedi, kapena limamumwetsa Piriton ngakhalenso kamowa kuti akomoke ndi tulo. Zonsezi zimaika moyo wa mwana pachiswe, ndipo palibe chimene chimamuphunzitsa kugona.

Chimene chimasowetsa tulo

Thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake. Kunja kukada, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa melatonin, imene imauza thupi kuti nthawi yopuma yakwana. Mwa ana ambiri a autism homoni imeneyi imatuluka mochepa kapena mochedwa. Kuwonjezera apo, ana amenewa amamva zinthu mosiyana ndi anzawo. Kulira kwa udzudzu umodzi, kuthetheka kwa malata akamazizira, msoko wa malaya kapena bulangete lokanda, zimene wina sangazilabadire, kwa iwo zimakhala ngati minga. Nkhawa nayonso imawachulukira, makamaka akakhala kuti sakudziwa chimene chichitike kutsogoloku.

Koma gwero limene makolo ali ndi mphamvu yolisintha ndi chizolowezi. Munthu aliyense, mwana kapena wamkulu, amatsitsimuka pang'ono kangapo usiku uliwonse, n'kutembenuka, n'kupitiriza tulo osakumbukira kanthu m'mawa. Zimenezi zimatheka chifukwa amapeza zonse zili monga anazisiya pogona. Munthu amene wagona pafupi ndi moto m'mwezi wa Juni, akatsitsimuka n'kupeza motowo utazima, sangotembenuka ayi: amadzuka kuti ausonkhezere. Ndi mmenenso amachitira mwana amene tulo timamupeza ali kumsana kwa amayi ake, kapena akuonera kanema pafoni. Akatsitsimuka 1 koloko usiku n'kupeza ali pamphasa, msana kulibe, foni kulibe, amadzuka kukafuna zimene zasowazo. Sikuti ndi mwano. Sanaphunzire njira ina yolowera m'tulo.

Apa ndi pamene pagona chithandizo chimene akatswiri amachitcha behavioural therapy, kutanthauza kuphunzitsa mwana zizolowezi zatsopano pang'onopang'ono, posintha zimene zimachitika asanagone ndi mmene akuluakulu amachitira iye akadzuka. Sichifuna jakisoni, sichifuna ndalama. Chimafuna kope, kugwirizana kwa a pabanja ndi milungu ingapo ya kupirira.

Kuyamba ndi kuchipatala, kenaka kope

Mwana amene salankhula sanganene kuti dzino likumupweteka. Choncho banja lisanayambe kusintha zizolowezi, liyenera kupita naye kuchipatala kuti akaone ngati palibe chimene chikumusautsa m'thupi: kudzimbidwa, chilungulira, khutu kapena dzino lopweteka, mphere, njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi kapena malungo. Dokotala auzidwe ngati mwanayo amaliza mkonono kwambiri ndi kubanika m'tulo, kapena ngati amagwedezeka ndi kuuma thupi usiku, popeza khunyu limapezeka kawirikawiri mwa ana a autism kusiyana ndi ana ena. Mankhwala ena a khunyu, monga phenobarbitone, amatha kuchititsa mwana kukhala wosakhazikika, koma kholo lisamusiyitse palokha, limufotokozere dokotala. Kunyumba nakonso aunike mphasa ndi ming'alu ya khoma, chifukwa palibe chiphunzitso chimene chingapambane nsikidzi.

Zikatero, banja lilembe mmene mwana akugonera kwa milungu iwiri osasintha kanthu. Tsiku lililonse alembe nthawi imene anamugoneka, nthawi imene tulo tinamupezadi, kangati anadzuka, akuluakulu anachita chiyani atadzuka, nthawi imene anadzuka m'mawa, ndiponso ngati anagona masana. Wotchi ya pafoni ndi yokwanira, ndipo ngati kholo silidziwa kulemba, mwana wa sukulu wa pakhomopo angagwire ntchitoyi. Kope lotere limaulula zimene maso otopa saona. Banja lina limapeza kuti usiku wovuta umatsatira tsiku limene mwana anagona madzulo. Lina limapeza kuti mwana akugona maola okwanira ndithu, kungoti amayamba mochedwa n'kudzukanso mochedwa. Poyerekeza, akatswiri a tulo amati mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 patsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, pamene wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12.

Usiku umakonzedwa masana

Tulo tili ngati njala: timakula malinga ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala maso. Chifukwa cha ichi, chinthu choyamba kukhazikitsa ndi nthawi yodzuka, osati yogona. Mwana adzutsidwe nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, ngakhale atagona mochedwa chotani. Izi n'zovuta kwa kholo limene langopeza kumene mpata wopuma, koma mwana akasiyidwa kuti agone mpaka 10 koloko m'mawa, usiku wotsatira wawonongeka kale. Akadzuka atuluke panja aone dzuwa, pakuti kuwala kwa m'mawa ndiko kumakonza wotchi ya m'thupi. Masana athamange, asewere, aperekeze anzake kumjigo. Wamng'ono amene akufunikabe tulo ta masana agone dzuwa lisanapendeke, osati madzulo. Tiyi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amathamangitsa tulo kwa maola ambiri, choncho asapatsidwe kuyambira masana. Foni ndi wailesi ya kanema zizimitsidwe ola limodzi nthawi yogona isanakwane.

Madzulo pakhale ndondomeko yaifupi, ya mphindi 20 kapena 30, imene imayenda chimodzimodzi tsiku ndi tsiku: kusamba, kuvala chogonera, kupita kuchimbudzi, kanthano kapena pemphero lalifupi, kulowa mu neti. Ana a autism amagwira msanga zimene aona kuposa zimene amva, choncho ndi chanzeru kujambula zinthu zimenezi motsatana pa katoni ndi kuipachika pakhoma. Chinthu chimodzi chikatha, kholo ndi mwana aloze chithunzi chotsatira. Zojambulazo siziyenera kukongola. Chofunika n'chakuti zisasinthe. Ngati kusamba kumamukwiyitsa mwanayo, kuchotsedwe pa ndondomeko ya madzulo n'kuikidwa masana, pakuti cholinga ndi kumukhazika mtima pansi.

Neti isachotsedwe ngakhale mwana aikane, chifukwa malungo ndi oopsa kuposa kusowa tulo. Ikungidwe bwino kuti isamukhudze khungu, ndipo masana azilowamo ndi kholo mongosewera mpaka ataizolowera. Chitseko chakunja chikhale ndi chotsekera chapamwamba chimene mwana sangafikire, mbaula izimitsidwe, ndipo mipeni ndi mankhwala zisungidwe patali.

Kusuntha nthawi yogona

Makolo ambiri amagoneka mwana 7 koloko, iye n'kulimbana nawo mpaka 10 koloko. Maola atatu amenewo amamuphunzitsa kuti mphasa ndi bwalo la nkhondo. Njira imene imathandiza imaoneka ngati yobwerera m'mbuyo: kwa masiku oyamba, mwana agonekedwe pa nthawi imene kope likusonyeza kuti tulo timamupezadi, pamenepa 10 koloko. Popeza watopa, amagona msanga, ndipo ubongo wake umayamba kulumikiza ndondomeko ya madzulo ija ndi tulo. Akagona mkati mwa mphindi 15 kapena 20 kwa masiku angapo otsatizana, nthawi yogona ibwezedwe ndi mphindi 15, ikhale 9:45. Zikakhazikika, 9:30. Zikavutanso, abwerere pa sitepe yapitayo kwa masiku ochepa. Nthawi yodzuka m'mawa isasunthe konse, ndipo asaloledwe kubweza ngongole ya tulo masana. Kuchoka pa 10 koloko kufika pa 8 koloko kungatenge mwezi kapena kuposerapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabuku ambiri a nkhaniyi analembedwa m'maiko mmene mwana amakhala ndi chipinda chakechake, ndipo amalimbikira zoti azigona yekha. Kuno ana amagona ndi abale awo, ndi amayi kapena ndi agogo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chofunika si kugona yekha koma kuti mmene zinthu zilili pamene tulo tikumupeza zikhale momwemo usiku wonse. Ngati amayi adzagona pambali pake mpaka m'mawa, kukhalapo kwawo si vuto. Vuto ndi zimene sizingapitirire usiku wonse, monga kumubereka, kumuyendetsa pabwalo kapena kumuonetsa foni.

Zimenezi zimachotsedwa pang'onopang'ono. Mwana wozolowera kumsana ayambe wagonekedwa pamiyendo. Pakapita masiku atatu kapena anayi, agonekedwe pamphasa dzanja la amayi lili pamsana pake. Kenaka amayi akhale pambali osamukhudza, kenaka asunthire chapakhomo, mpaka atafika pomugoneka ali maso n'kukapitiriza ntchito zawo. Kansalu kapena kachidole kamene amakakonda kangathe kulowa m'malo mwa msana uja, chifukwa iko kadzakhalapo ngakhale pakati pa usiku.

Akadzuka pakati pa usiku

Pano ndi pamene mabanja ambiri amagonjera. Mwana akadzuka, wamkulu amubweze pogona pake mofatsa, ndi mawu ochepa omwewo nthawi zonse, monga akuti "Ndi usiku, gona." Nyali isayatsidwe mowala, pasakhale kucheza, kukalipa, chakudya kapena foni. Akadzukanso, abwezedwenso, ngakhale kakhumi. Usiku ukhale wosasangalatsa, kuti pasakhale chodzukira. Ngakhale kukalipa kumene ndi mphotho kwa mwana amene akufuna kuti wina amulabadire.

Makolo ayenera kudziwiratu kuti masiku oyamba zinthu zimaipiraipira zisanayambe kukonzeka. Munthu akafika pa mjigo umene umatulutsa madzi masiku onse n'kupeza sukutulutsa, sachoka nthawi yomweyo. Amayamba wapopa mwamphamvu kuposa kale. Mwana nayenso amalira mokweza ndi motalika pofuna kuona ngati njira yakale yathadi. Tsono madzi akatuluka pamene munthu uja wapopa mwamphamvu, phunziro limene watola ndi lakuti azipopa mwamphamvu. Kholo likapirira mphindi 40 n'kupereka foni pamapeto pake, laphunzitsa mwana kulira mphindi 40. N'chifukwa chake ntchitoyi isayambe mpaka onse a pakhomo, bambo, mayi, agogo ndi achemwali ake, atamvana chochita, ndipo isayambe pa sabata ya maliro, ya ukwati kapena pamene mwana akudwala. Ndi bwinonso kuwadziwitsa anansi, kuti kulira kwa masiku oyambawo kusabale mphekesera.

Izi sizitanthauza kutsekera mwana m'chipinda kuti alire yekha. Wamkulu akhale pafupi, wodekha. Ndipo ngati mwanayo akudzimenyetsa mutu kukhoma kapena kudziluma mpaka kuvulala, banja liime kaye n'kukapempha uphungu kuchipatala.

Kwa mwana wokulirapo amene amamva malangizo, kakhadi kamodzi kamathandiza. Amapatsidwa pogona, ndipo angakagwiritse ntchito kamodzi kokha usikuwo, kupempha madzi kapena kukumbatiridwa, kenaka n'kukapereka. Kukacha, mwana amene wachita bwino ayamikiridwe nthawi yomweyo ndi chinthu chimene iyeyo amachikonda, kaya ndi nthochi, kaya ndi kuloledwa kuthira nkhuku chakudya. Poyamba mphotho iperekedwe pa chinthu chaching'ono chimene angachikwanitse, monga kulowa mu neti osalimbana, osati pa kugona usiku wonse.

Umboni wake

M'chaka cha 2020, bungwe la madokotala a ubongo ku America, la American Academy of Neurology, linatulutsa malangizo akuti dokotala ayambe wafufuza matenda ndi mankhwala amene angasokoneze tulo, kenaka aphunzitse makolo njira zosintha zizolowezi monga chithandizo choyamba, ndipo melatonin wa mapiritsi aganiziridwe njirazi zikapanda kukwanira. Bungwe la NICE la ku Britain nalonso limati mankhwala a tulo asaperekedwe kwa mwana wa autism ndondomeko ya kagonedwe isanayesedwe. Melatonin amathandizadi ana ena, koma ndi nkhani yoti dokotala aweruze, osati yokagula mwachisawawa.

Gulu la Dokotala Beth Malow wa pa yunivesite ya Vanderbilt ku Nashville linaphunzitsa makolo a ana 80 a zaka 2 mpaka 10, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Nthawi imene anawo ankatenga kuti tulo tiwapeze inatsika kuchoka pa mphindi pafupifupi 58 kufika pa 40. Makolo amene anaphunzira pagulu anapindula mofanana ndi amene anaphunzira payekhapayekha. Ku Australia, kafukufuku wa ana 245 a zaka 5 mpaka 13, wosindikizidwa mu 2022, anapeza kuti kukumana ndi mlangizi kawiri ndi kuimbiridwa foni kamodzi kunachepetsa mavuto a tulo patapita miyezi itatu. Ziwerengerozi sizikulonjeza chozizwitsa. Mphindi 18 si usiku wathunthu, ndipo ana ena amafunika thandizo loposa pamenepa.

Pali kafukufuku winanso wa mu 2012 amene ayenera kuchenjeza aliyense wolemba kapena kugawa mapepala a uphungu, kuphatikizapo tsamba lino. Makolo ena anangopatsidwa kapepala ka malangizo popanda wowafotokozera, ndipo nthawi imene ana awo ankatenga kuti agone sinasinthe kwenikweni. Nzeru zake n'zosavuta kumva, koma kuzigwiritsa ntchito m'nyumba ya chipinda chimodzi, 2 koloko usiku, mwana akukuwa, kumafuna munthu wina woti akhale pansi ndi banjalo, aone kope lija, athandize kusankha poyambira, n'kubweranso pakatha sabata kudzafunsa mmene zayendera.

Anthu otere alipo kale m'mawodi. Alangizi a zaumoyo amafika pakhomo ndi pakhomo, alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba amaona mwana amene amangosinza, ndipo aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, amadziwa kugwiritsa ntchito zithunzi pophunzitsa. Popeza kuphunzira pagulu kumagwira ntchito, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, pamodzi ndi mafumu ndi makhansala, angathe kusonkhanitsa makolo a ana otere kuti azikumana, monga mmene bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM limalimbikitsira. Mwana amene sanapimidwepo ayambire pa chipatala chaching'ono cha m'dera, chimene chingamutumize ku chipatala cha boma, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ndi khomo lina logogoda. Kumene kukufunika akatswiri, zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona ana a mavuto a kakulidwe, ndipo a St John of God ku Mzuzu ali ndi malo othandizira ana otere.

Tulo tikakonzeka, tingathe kusokonekeranso mwana akadwala malungo, banja likasamuka kapena kutentha kwa Okutobala kukafika. Zikatero banja libwerere pa sitepe imene inagwira ntchito poyamba, ndipo kawirikawiri ulendo wachiwiri sutalika ngati woyamba. Koma ngati papita mwezi wathunthu onse akutsata ndondomeko mokhulupirika popanda kusintha kulikonse, abwerere naye kuchipatala, atanyamula kabuku kake ka kuchipatala ndi kope lija.